Nyengo, nkhondo ndi kuthawa kwa anthu: mafunso omwe timafunsidwa kawirikawiri kuno ku Tete

Mafunso awa akhala akubwera mobwerezabwereza tikamacheza ndi alimi anzathu, aphunzitsi ndi achinyamata kuno ku Angónia, Tsangano mpaka ku Macanga, ena pa msika, ena pa foni usiku. Nde ndawaika pamodzi, kuyambira apafupi kupita ozama. Yankho likakhala kuti lili kale pa funso lina ndikulozerani komweko.

Kusintha kwa nyengo nde chani kwenikweni? Si mvula yangochedwa basi?

Mvula kuchedwa chaka chimodzi ndi zakale, agogo athu ankaziona. Chomwe chasintha ndi choti dziko lonse likutentha chifukwa cha utsi wa malasha, mafuta a galimoto ndi gasi omwe anthu akhala akuotcha kwa zaka zoposa 150, kuphatikizapo kugwetsa nkhalango. Mpweya umenewo umakatsekereza kutentha kuti kusachoke. Pano dziko latentha ndi digiri imodzi ndi kanthu poyerekeza ndi zaka za m'ma 1800, ndipo 2024 inaswa mbiri ya kutentha.

Digiri imodzi ikumveka ngati nkhani yachabe, koma kumunda imaoneka chonchi: mvula kuyamba mwadzala kenako kudula masabata atatu chimanga chili m'mawondo, dzuwa kuotcha mpaka dimba kuuma mu Ogasiti, ndipo ikati igwe ikugwa ya mwezi wonse masiku awiri. Nyanja ikatentha anamondwenso amanyamula madzi ambiri.

Nanga nyengo ingayambitse bwanji nkhondo? Dzuwa limagwira mfuti?

Ayi siligwira, ndipo apa ndipomwe ndimafuna tizimvana bwino. Lipoti la 2022 la akatswiri a IPCC, gulu la United Nations lofufuza za nyengo, linanena kuti zomwe zimayambitsa nkhondo kwambiri ndi umphawi, kusalingana ndi ulamuliro woipa, nyengo imangobwera kudzasonkhezera moto womwe unayaka kale. Taonani chilala cha El Niño (kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific komwe kumachepetsa mvula kuno) cha 2023 mpaka 2024. Zambia, Malawi ndi Zimbabwe onse analengeza kuti agwa m'ngozi, madzi ku Kariba anatsika mpaka Zambia kukhala mu mdima maola ambirimbiri pa tsiku, ku Cahora Bassa nakonso anatsika, anthu anagona ndi njala koma sanatolerane mfuti. Chilala chonga chomwecho chikagwa ku Somalia kapena ku Mali zinthu zimafika pena.

Njira yake imayenda motere. Zokolola zalephera, lata ya chimanga yakwera mtengo, ganyu wasowa chifukwa olemba ganyuwo nawonso alibe, ng'ombe zikuyenda mtunda wautali kusaka msipu nde zikulowa m'minda ya eni. Kukakhala mfumu yomveka, khoti losadya ziphuphu ndi thandizo lofika kwa aliyense, mkangano umathera pabwalo. Kukakhala kulibe zimenezo koma mfuti zilipo, ndipo pali gulu lomwe likuuza mnyamata wanjala kuti bwera kuno tikupatsa ndalama, basi zavuta.

Mukamati "madera osalimba" mukunena kuti?

Ndi madera omwe boma silifikako bwino, kapena limafikako ndi asilikali okha, opanda chipatala, sukulu kapena msewu. Nthawi zambiri amakhala akumalire, kutali ndi likulu, ndipo anaonapo kale nkhondo. Zitsanzo ndi dera la Sahel (Mali, Burkina Faso, Niger), kuzungulira nyanja ya Chad, Somalia, South Sudan, Sudan, Yemen, Afghanistan, ndipo kwathu kuno Cabo Delgado. Ambiri mwa anthu akumeneko amadya za mvula ngati ife tomwe.

Timamva za nyanja ya Chad kuti inauma nde kunabadwa Boko Haram. Ndi zoona?

Mbali ina ndi zoona, mbali ina anthu amafupikitsa nkhani. Nyanjayi imakhudza Chad, Niger, Nigeria ndi Cameroon. M'zaka za m'ma 1960 inali pafupifupi masikweya kilomita 25,000, pofika m'ma 1980 chilala chinali chitaidya pafupifupi magawo 9 mwa 10 alionse. Kuchokera apo madzi anabwererako pang'ono, koma vuto lalikulu pano ndi loti sadziwika, chaka chino asefukira chaka chamawa athawa, nde msodzi, mlimi ndi woweta ng'ombe onse akuthamangira kachigawo kamodzi komweko ka chinyontho.

Boko Haram inayambira mu mzinda wa Maiduguri ndipo zipolowe zake zinakula mu 2009, magwero ake ndi ziphunzitso zokhota, umphawi ndi nkhanza za achitetezo. Nyanja siinabereke gululo. Koma gululo litafika kunyanja linapeza anthu otopa kale. Chomvetsa chisoni china, asilikali pofuna kuumitsa zigawenga anatseka misika ndi kuletsa malonda a nsomba m'madera ena, ku Diffa ku Niger analetsa ndi malonda a tsabola omwe, pomwe zigawenga zinkalola munthu kuwedza bola azipereka msonkho kwa iwo. Ganizani inu bambo wa ana 6, mbali iyi akukuletsani kugwira ntchito mbali inayo akukulolani. Ambiri omwe analowa kapena kugonjera magulu amenewa analowera pakhomo limeneli.

Za alimi ndi oweta ng'ombe kumenyana, zimakhala bwanji?

Ku West Africa kuli mitundu monga a Fulani omwe moyo wawo ndi kuyenda ndi ng'ombe, chilimwe kutsikira kummwera, dzinja kubwerera kumpoto. Kale panali mgwirizano, ng'ombe zimalowa m'munda mwini atakolola, zimadya mapesi n'kusiya ndowe. Pano mvula ikasokonekera ng'ombe zikufika mbewu zikadali m'munda, njira zakale za ziweto zinalimidwa chifukwa anthu achuluka, ndipo mfuti zili mbwee. Mu Marichi 2019 pa mudzi wa Ogossagou ku Mali anthu pafupifupi 160 a mtundu wa Fulani anaphedwa tsiku limodzi. Ku Nigeria, makamaka ku Benue, maliro otere sakutha.

Ife kuno sitinafike pamenepo ndipo tisafikepo, koma mbewu yake timaidziwa: ng'ombe za uje zadya dimba la uje, mudzi uwu watseka madzi kumtunda a kumunsi mbatatesi zawo zikufota, amayi kukankhana pa mjigo kuyambira 3 koloko m'bandakucha, kuba ng'ombe n'kuziolotsa malire. Chaka cha njala milandu yotere imachuluka kwa anyakwawa, funsani aliyense wa iwo akuuzani.

Darfur ndi Syria amati ndi "nkhondo za nyengo". Tivomereze?

Tisamale nawo mawu amenewo. Ku Darfur, dera la kumadzulo kwa Sudan, mvula inachepa kuyambira m'ma 1970 ndi 1980, alimi ndi oweta ngamila anayamba kulimbirana malo, ndipo mu 2007 Ban Ki-moon, yemwe anali mlembi wamkulu wa United Nations, analemba kuti nyengo ili ndi mbali pa nkhondoyo. Koma omwe anapatsa mfuti gulu la zigawenga la Janjaweed kuyambira 2003 kuti aziotcha midzi ndi boma la Khartoum. Ku Syria kunagwa chilala choopsa kuyambira 2006 mpaka 2010, mabanja ambiri akumidzi anasamukira m'mphepete mwa mizinda, nkhondo n'kuyamba 2011. Koma chilala chomwecho chinakhudzanso Jordan ndi Turkey osabala nkhondo yotero.

Ine chomwe chimandiwawa ndi choti mawu oti "ndi nyengo" atsogoleri ena amawakonda chifukwa amawachotsera mlandu. Ku Somalia mu 2011 njala inapha anthu pafupifupi 260,000, theka lawo ana osafika zaka 5, mvula inakanadi koma gulu la zigawenga la Al-Shabaab linatsekerezanso mabungwe obweretsa chakudya. Amene watseka msewu wa chakudya ali ndi dzina, asabisale kumbuyo kwa mitambo.

Nanga ku Cabo Delgado, nyengo ikukhudzana nazo?

Nkhondo ya kumeneko inayamba pa 5 Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia, ndipo zifukwa zomwe zimatchulidwa kwambiri ndi achinyamata osowa ntchito akuona gasi wa ku Afungi ndi miyala ya rubi ya ku Montepuez zikupindulira ena, kuthamangitsidwa kwa okumba miyala, ndi ziphunzitso zausilamu zopotozedwa. Nde gwero si nyengo. Koma taonani zomwe namondwe amachita pamwamba pa nkhondo. Namondwe Kenneth anagunda pa 25 Epulo 2019, patangotha masabata 6 chichokereni namondwe Idai, ndipo anagunda Macomia, Quissanga ndi Ibo, komwe zigawenga zinali kale pafupi, moti thandizo kufika m'midzi ina kunali kovuta. Chido mu Disembala 2024 anasasula Mecúfi, Chiúre ndi Metuge komwe kunali anthu ambiri othawa nkhondo m'tinyumba ta matenti ndi nsungwi. Munthu anathawa mfuti ku Palma mu 2021, wamanga kachisakasa, wayamba kamunda, mphepo yabwera yatenga zonse, athawenso kachiwiri kapena kachitatu. Pa nthawi ina othawa kwawo kumpotoko anafika pafupifupi miliyoni imodzi.

Kuno ku Tete zinachitikapo zoti njala ndi nkhondo zikumane?

Kangapo, ndipo akuluakulu athu safunika kuuzidwa. Mu 1983 ndi 1984 chilala chinakumana ndi nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, misewu inali yosayendeka, magalimoto a chakudya ankaotchedwa, nde kummwera kwa chigawo chino, mbali za Changara, anthu anafa ambiri ndi njala, ena anafera m'njira akulowera ku Zimbabwe wapansi. Chilala chokha sichikanapha anthu ochuluka choncho. Chinawapha ndi chilala chopanda njira yothawira ndi yopitira thandizo.

Nthawi ya nkhondoyo kumtunda kuno midzi ya Angónia ndi Tsangano inatsala mabwinja, anthu ali ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo Malawi yonse inasunga a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi. Ambiri a ife tili ndi m'bale wobadwira ku msasa kapena wophunzira sukulu tsidya linalo. Kenako chilala cha 1991 mpaka 1992 chinachita zosiyana, chinafooketsa mbali zonse ziwiri chifukwa ankhondo nawonso analibe chakudya cholanda m'midzi, ndipo olemba mbiri ambiri amati chinathandiza kukankhira Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama kusaina mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Nde mukuona kuti chilala sichikhala ndi njira imodzi.

Chapafupi ndi 2016. Chaka chimenecho kunali chilala cha El Niño komanso kuomberana pakati pa asilikali a boma ndi a Renamo mbali za Nkondezi ku Moatize. Anthu oposa 10,000 anaolokera ku Kapise m'boma la Mwanza, ena pambuyo pake anawasamutsira ku msasa wa Luwani ku Neno. Panali kukangana kuti kodi anthuwa akuthawa nkhondo kapena njala, koma eni akewo ankafotokozera a UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, za nyumba ndi nkhokwe zootchedwa. Kuotcha nkhokwe chaka cha chilala, abale anga, ndi kupha banja lonse osaliombera.

Anamondwe aja, Idai, Ana, Freddy, akusamutsa anthu ochuluka bwanji?

Ochuluka zedi. Idai mu Marichi 2019 anapha anthu oposa 600 mu Mozambique muno, ndipo asanakafike ku Beira mvula yake inali itasefukiritsa kale Revúbuè kuno ku Tete. Ana mu Januwale 2022 anathyola mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo ngakhale administradori wa boma la Tete anakokoloka ndi madzi akupita kukaona anthu ovutika. Freddy mu 2023 anakhala masabata oposa 5 osafa, anagunda dziko lino kawiri, ku Vilankulo kenako ku Quelimane, ku Malawi anasamutsa anthu oposa theka la miliyoni, kuno madzi anavuta ku Mutarara ndi ku Doa.

Ambiri othawa madzi amabwerera akaphwa. Vuto ndi lomwe a ku Mutarara akhala akuliona chiyambire madzi osefukira a 2001, 2007 ndi 2008: bairo yatsopano ili pamtunda potetezeka koma nthaka yachonde ili kuchigwa, nde banja limakhala ndi makomo awiri, ndipo nthawi ya dzinja limapezeka kuchigwa komweko.

Anthu akathawa amapita kuti? Si onse akuthamangira ku Ulaya?

Ayi ndithu. Ambiri sachoka n'komwe m'dziko lawo, amapita boma loyandikana nalo kapena mu mzinda. World Bank mu lipoti la 2021 inayerekeza kuti pofika 2050 anthu okwana 216 miliyoni akhoza kusamuka mkati mwa maiko awo chifukwa cha nyengo ngati palibe chochitika, ndipo 86 miliyoni mwa iwo ndi a kuno kummwera kwa Sahara. Kwathu kuno zimaoneka ngati mnyamata wa ku Changara kapena Mágoè kutsikira mu mzinda wa Tete kukagulitsa makala, wina kukakumba golide ku Chifunde, wina kukagwira kapenta ku Cahora Bassa, wina ku Joni, ndipo chaka cha njala anzathu a ku Malawi kuoloka pa Calómuè kapena Biri-Biri kudzagwira ganyu wolipidwa chimanga.

Msewu wathu ndi njiranso ya ochokera kutali. Mu Marichi 2020 pa sikelo ya Mussacama ku Moatize anapeza anthu 64 a ku Ethiopia atafa m'kontena ya thiraki yochokera ku Malawi, 14 okha ndi omwe anali moyo, ulendo wawo unali wa ku South Africa. Zomwe zinatulutsa aliyense pakhomo ndi zosiyanasiyana, koma dera lomwe amachokera ndi lomwe chilala, kuchepa kwa malo ndi mikangano zakhala zikupanikiza achinyamata.

Musaiwalenso otsala. Ulendo umafuna ndalama, nde osaukitsitsa, okalamba ndi olumala sathawa, amangokhala pomwepo chilala n'kuwapeza.

Munthu wothawa chilala amawerengedwa ngati refugiado mwalamulo?

Pa pangano la United Nations la 1951 ayi, ilo limateteza wothawa chizunzo chifukwa cha mtundu, chipembedzo, ndale ndi zotero. Pangano la maiko a mu Africa la 1969 ndi lotambasukirako chifukwa limatchulanso zochitika zosokoneza kwambiri bata la dziko, nde chilala chikasakanikirana ndi nkhondo munthu akhoza kulowamo. Kwa othawa osatuluka m'dziko lawo pali pangano la Kampala la 2009, lomwe limatchula poyera ngozi zachilengedwe ndi kusintha kwa nyengo, ndipo limapereka udindo kwa boma la dzikolo. N'chifukwa chake mkangano wa ku Kapise womwe ndatchula pamwambapa sunali wa mawu chabe, dzina lomwe munthu wapatsidwa ndi lomwe limanena ngati alandire chitetezo kapena abwezedwe.

Obwera akachuluka kudzapempha malo kwathu, sitidzamenyana?

Funso ili limabwera kwambiri kuno kumtunda chifukwa mvula imagwako bwino poyerekeza ndi kuchigwa, ndipo malo achepa kale. Mantha ake ndi omveka, sindingawanyoze. Koma mlendo payekha sabweretsa nkhondo, zikanakhala kuti a ku Dedza anatiyesa adani nthawi ya nkhondo ija ambiri a ife sitikanakhalapo. Chimabweretsa chidani ndi kagawidwe kamseri: nyakwawa kugulitsa dambo la mudzi wonse kwa munthu mmodzi, munda umodzi kupatsidwa anthu awiri, obwera kulandira ufa ndi mjigo eni mudzi omwe nawonso ali ndi njala n'kumangoonerera.

Lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa, koma limazindikira ufulu wa mudzi wokhala pa malo mwa chikhalidwe olo popanda pepala, komanso wa munthu yemwe wagwiritsa ntchito malo mwachilungamo kwa zaka 10. Kukhala ndi DUAT (ufulu wogwiritsa ntchito malo) yolembedwa kumathandiza pa mkangano, ndipo mudzi wonse ukhoza kulembetsa malire ake. Wobwereka munda alembe pa kapepala pamaso pa mboni kuti ndi zaka zingati.

Za kusamutsa anthu mwa gulu phunziro tili nalo pakhomo. Mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa mu 2009 ndi 2010 chifukwa cha mgodi wa malasha wa Vale ku Moatize, ambiri kupita ku Cateme, ndipo mu Januwale 2012 anthuwo anatseka njanji podandaula za nyumba, nthaka yosabereka ndi madzi. Kumeneko chinawasamutsa si nyengo, koma wosamutsa anthu chifukwa cha madzi osefukira akalakwitsa zomwezo zotsatira zake zikhala zomwezo.

Amayi ndi atsikana zimawakhudza mosiyana?

Kwambiri. Abambo akapita kosaka ndalama munda, ana ndi okalamba zimatsalira amayi, mtunda wa kumadzi ndi kunkhuni ukutalika, ndipo m'dera la nkhondo njira imeneyo ndi yomwe amagwiriridwa. Njala ikafika mtsikana amasiyitsidwa sukulu n'kukwatiwitsidwa kuti pakhomo pachepe pakamwa, chonsecho lamulo la 2019 linaletsa ukwati wa aliyense wosafika zaka 18. Pambuyo pa Idai bungwe la Human Rights Watch linaulula kuti atsogoleri ena a m'midzi ankakakamiza amayi kugona nawo kuti awalembe pa mndandanda wa chakudya. Thandizo ndi laulere, wokupemphani thupi kapena ndalama ndi wolakwa. Nambala ya 1458 inakhazikitsidwa nthawi imeneyo kuti anthu azidandaulirako, ndipo za ana pali 116.

Malasha akuchoka ku Moatize konkuno, nde ifenso ndife olakwa? Alipire ndani?

Africa yonse imatulutsa mpweya woipawu wosafika magawo 4 pa 100 alionse a dziko lapansi. Malasha a ku Moatize amakwera sitima kupita ku Nacala ndi ku Beira n'kukaotchedwa kunja, pomwe mlimi wa ku Tsangano akuphikira nkhuni. Maiko olemera analonjeza mu 2009 ku Copenhagen madola 100 biliyoni pa chaka othandizira maiko osauka pa za nyengo ndipo anachedwa kukwaniritsa, thumba lolipira zoonongeka linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, ku Baku mu 2024 analonjeza 300 biliyoni pa chaka pofika 2035. Chopweteka n'choti madera a nkhondo, omwe akufunikira kwambiri ndalamazi, ndi omwe amalandira zochepa chifukwa opereka amaopa kuika ndalama komwe kuli mfuti.

Izi sizikutichotsera mbali yathu. Mapiri omwe tameta ndi makala ndi nkhuni zochizira fodya, ndi kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, sizinatenthetse dziko lapansi koma ndi zomwe zimachititsa kuti mvula ya tsiku limodzi itikokolere munda.

Pa mudzi pathu tingachitepo chani?

Za kumunda ambiri mukuzidziwa: kusadalira chimanga chokha, kubwezeretsa mapira, chinangwa ndi mbatata, mbewu zocha msanga, kuphimbira nthaka, kumvera za INAM, nthambi yolosera zanyengo, pa wailesi musanadzale, kukhala ndi komiti ya zangozi yomwe INGD, bungwe la boma loona za ngozi, imaphunzitsa ndipo ikhale yogwiradi ntchito osati ya pa pepala.

Koma pa nkhani ya mikangano chomwe ndaona chikuthandiza ndi kukambirana mvula isanakane. Mwezi wa Meyi kapena Juni, nkhokwe zikadali ndi kanthu ndipo mitima ili pansi, anyakwawa a midzi yogawana mtsinje umodzi akhale pansi ndi eni ng'ombe, eni madimba ndi amayi otunga madzi, agwirizane masiku othirira a kumtunda ndi a kumunsi, njira yopitira ng'ombe kukamwa, ndi chindapusa cha ng'ombe yodya mbewu kuti ndi malata angati. Midzi ya m'malire iitanenso anzawo a tsidya linalo pakuti ng'ombe yobedwa imathera komweko. Ndipo thandizo likabwera, mndandanda wa olandira uziwerengedwa mokweza pabwalo, dzina ndi dzina, obwera ndi eni mudzi pamodzi, matumba asanatsitsidwe mu thiraki.